Kuletsa zonse sikuphunzitsa Mkhristu kusankha

Okondedwa a Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani imene imagawanitsa Akhristu kwambiri, ya nyimbo, mafilimu, masewera, ndale ndi zina zonse zimene timangoziwunjika pamodzi n'kuzitcha zam'dziko. Pali mipingo imene yankho lake ndi lalifupi: zonsezi n'zachikunja, musazikhudze. Palinso ina imene imameza chilichonse chimene chatchuka, bola anthu adzaze tchalitchi. Mbali ziwirizi zimalakwitsa pamalo amodzi. Sizimuphunzitsa munthu kusiyanitsa yekha, ndipo tsiku limene adzakhale kutali ndi abusa ndi makolo adzasowa pogwira.

Mtumwi Paulo anakumana ndi funso lotereli ku Korinto, kumene nyama yambiri yapamsika inkayamba yaperekedwa nsembe kwa mafano. Werengani 1 Akorinto 10 mwachifatse muone mmene anaigawira nkhaniyo. Nyama ikakhala pamsika, gulani mudye osafunsafunsa kumene yachokera (vesi 25). Munthu wosakhulupirira akakuitanani kwake ndipo mukufuna kupita, pitani mukadye zimene wakukonzerani (vesi 27). Koma wina pagomepo akakuuzani kuti nyamayi ndi yansembe, isiyeni, chifukwa cha chikumbumtima cha iyeyo (vesi 28 ndi 29). Phwando lenileni la mafano, apo ayi ndithu, pakuti munthu sangadye pagome la Ambuye n'kudyanso pagome la ziwanda (vesi 21). Nyama ndi yomweyo. Chimene chikusintha yankho ndi malo, tanthauzo la chakudyacho pamalopo, ndi munthu amene angapunthwe nacho.

Danieli anachita chimodzimodzi ku Babulo. Analola kuphunzira chinenero ndi mabuku a Akasidi kwa zaka zitatu, anapatsidwa dzina lachilendo lakuti Belitesazara, anagwira ntchito m'boma la mfumu yosadziwa Mulungu. Anakana chakudya ndi vinyo wa mfumu, ndipo kakanidwe kake n'kofunika kukayang'anitsitsa. Anapempha mwaulemu, anamva nkhawa ya mkulu amene ankaopa kudulidwa mutu, kenako anapereka njira ina kwa kapitawo wowayang'anira: amuyese iye ndi anzake atatu masiku 10 ndi zamasamba ndi madzi, aone okha. Mkhristu wapantchito angatengerepo zambiri pamenepa. Adziwiretu zinthu ziwiri kapena zitatu zimene sangachite zivute zitani, monga kusintha manambala m'mabuku a ndalama, kupereka chiphuphu kapena kunamiza kasitomala. Awauze abwana ake msanga, ali awiri, asanafike pa tsiku la mkangano, ndipo abweretse njira ina yogwirira ntchitoyo. Zimasokonekera munthu akamakana zinthu zambirimbiri zazing'ono mofuula. Ikadzafika nkhani yaikulu, anzake amakhala atatopa naye kale ndipo samumveranso.

Sitikunyoza amene amasankha kudzipatula. Cha m'ma 200, Tertullian, mlembi wachikhristu wa ku Carthage, analangiza Akhristu kuti asamapite kumabwalo kumene anthu ankaphana kuti ena asangalale, ndipo ananena zoona. Pali malo amene Mkhristu sayenera kupondako. Ngakhale a Amish, gulu la Akhristu a ku America amene ambiri amawayesa odana ndi zamakono zonse, amachita mosankha. M'madera awo ambiri foni amailola, koma amaiika m'kanyumba kakang'ono panja, nthawi zina kogwiritsa ntchito mabanja angapo, kuti isamalire pakati pa chakudya kapena pa nthawi ya mapemphero. Funso lawo ndi lakuti chinthuchi chidzachita chiyani kubanja ndi kumpingo chikalowa m'nyumba. Funso limeneli n'labwino kwa aliyense.

Kudzipatula kochita kuthawa kokha ndiko kumabala mavuto. Mlandu wa Scopes utatha m'chaka cha 1925 ku Dayton, Tennessee, pa nkhani yophunzitsa za chisinthiko cha zamoyo m'sukulu, Akhristu ambiri osunga mwambo ku America anabwerera m'mbuyo n'kulimbikira makoleji awoawo, mawailesi awoawo ndi mabuku awoawo. Chikhulupiriro anachisunga, koma m'mayunivesite akuluakulu ndi m'nyuzipepala mawu awo anachepa. Pobwerera pagulu m'zaka za m'ma 1970, ambiri analowera khomo la ndale za chipani, ndipo anthu akunja anayamba kuuona mpingo ngati gulu loponya voti. Yesu pa Yohane 17:15 sanapemphe kuti ophunzira ake achotsedwe m'dziko, anapempha kuti atetezedwe kwa woipayo. Yeremiya 29:7 nayenso anauza akapolo a ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene anatengedwerako.

Kwa makolo ndi alangizi a achinyamata, tikupempha kuti musaletse nyimbo imene simunaimve. Khalani pansi ndi mwanayo, muimvere yonse mpaka kumapeto, mawu ake muwawerenge limodzi. Mufunseni kuti nyimboyi ikutamanda chiyani, ikunyoza ndani, ndipo munthu akaimvera tsiku ndi tsiku imamusiyira njala ya chiyani. Musamuyankhire. Mudzadabwa kuti nthawi zambiri mwana amaona yekha pamene mkazi akuchitidwa chipongwe kapena pamene ndalama zasanduka mulungu, ndipo zimene waona yekha saiwala. Nyimbo ina mudzapeza ikudandaula za umphawi kapena imfa ya mayi moona mtima kuposa nyimbo zina zotchedwa zauzimu. Ivomerezeni. Paulo yemwe, polalikira ku Atene pa Machitidwe 17:28, anagwiritsa ntchito mawu a alakatuli achikunja pamene ananena zoona.

Foni imafuna chisamaliro chapadera chifukwa imasankhira munthu zoonera. TikTok, YouTube ndi Facebook zimayeza nthawi imene mwakhala pa kanema aliyense. Mukachedwa pa kanema woipa, ngakhale mukumuonera mokwiya, makinawo amaganiza kuti mwamukonda ndipo amakubweretserani ena otero. Choncho mudutseni msanga, dinani posonyeza kuti simukumufuna, ndipo nthawi ndi nthawi fufutani mbiri ya zimene mwaonera. Malamulo a makampani amenewa amanena kuti mwana wosakwana zaka 13 asatsegule akaunti yakeyake, ndipo kholo lomunamizira mwana zaka likumuphunzitsa bodza pa tsiku loyamba lomwe. Usiku mafoni onse, ya bambo ndi ya mayi yomwe, azigona pabalaza.

Atsogoleri a mipingo, mukamapereka lamulo nenani poyera kuti ndi la mtundu wanji. Lina ndi lamulo la Malemba, monga lakuti usachite chigololo. Lina ndi dongosolo limene mpingo wagwirizana pa zifukwa zake, ndipo lingasinthe. Lina ndi zimene mtsogoleri amakonda basi. Zitatuzi zikalalikidwa ndi mphamvu yofanana, wachinyamata amadzatsegula Baibulo tsiku lina, n'kupeza kuti chimodzi mwa zimene ankamuopseza nazo mulibemo, ndipo amayamba kukayikira zonse, zoona zomwe. Ena amangophunzira kubisa: Lamlungu nkhope yoyera, mkati mwa sabata akuonera mwamseri popanda womuthandiza kuganiza. Aroma 14 amalola Akhristu awiri okhulupirika kusiyana pa nkhani za chakudya ndi masiku popanda kuweruzana. Malamulo a mtundu wachiwiriwo muziwaunikanso pa msonkhano wa akulu ampingo kamodzi pachaka, achinyamata alipo, ndipo lamulo limene palibe amene akukumbukira chifukwa chake lichotsedwe.

Ndife owerenga anu,
Alangizi a achinyamata mumpingo