Pempho la Thandizo: Chipinda cha Ana a Alendo Athu Chagwa

Kwa ana a mudzi uno okhala ku Chipata, ku Lusaka, ku Migodi ndi kunja kwa dziko, komanso kwa onse akufuna kwabwino,

Ife a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, pamodzi ndi amfumu ndi nduna zawo, tikukulemberani kuchokera ku sukulu yanu ija ya kumalire, m'boma la Chadiza, imene sitifunika kukulozerani pamene ili popeza ambiri a inu munaphunzirira pomwepo kugwira pensulo. Chimphepo chimene chinabwera ndi mvula yapitayi chinasasula denga la chipinda chakale chija choyang'anizana ndi mkuyu, ndipo patangopita masiku ochepa khoma lakumadzulo, litakhuta madzi, linagwera mkati ndi kuphwanya madesiki. Tikuthokoza Mulungu kuti zinachitika usiku.

Chipinda chimenechi tinachipatula kuti chikhale cha ana a mabanja amene anabwera kudzakhala nafe kuchokera tsidya la malire, m'chigawo cha Tete. Ambiri anathawa njala ya 2024, chilala chomwe chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse pa 29 Febuluwale, ndipo ena anaopa chipwirikiti chimene chinabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha mu Okutobala chaka chomwecho. Anafika ndi mitolo pamutu, mphasa ndi mapoto, ife nkhokwe zili mbee. Komabe amfumu anawagawira malo omangapo ndi minda, ndipo amayi a m'mipingo anayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ufa wa m'mbale. Nkhani ya mapepala awo ili m'manja mwa aboma ndipo ife sitilowererapo, koma mwana sayembekeza pepala kuti akule.

Anawa amalankhula Chichewa chathu chomwechi, koma amene anayamba sukulu kwawo anaphunzira m'Chipwitikizi, kotero kuti mtsikana wa msinkhu wa Geredi 6, wodziwa masamu kuposa anzake, amangoti kakasi akaona funso lolembedwa m'Chingerezi. Aphunzitsi awiri anadzipereka kumawaphunzitsa padera popanda malipiro, mpaka atafika poti angasakanikirane ndi anzawo. Lero bolodi amalitsamiritsa ku thunthu la mkuyu, ana amakhala pa njerwa makope atawakulunga m'mapepala a shuga, ndipo mtambo ukangoda kumapiri, phunziro limathera pomwepo. M'zipinda zinazo mulibe powaika, chifukwa chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022 desiki ya ana awiri imanyamula anayi.

Sitinakhale manja lende. Taumba njerwa ndi kuziwotcha, mauvuni awiri aima kuseri kwa sukulu, achinyamata atuta mchenga wa kumtsinje pa ngolo, ndipo amayi aphwanya miyala mpaka manja kuchita matuza. Alendo athuwo ndiwo amayamba kufika pa dothi m'mamawa, ndipo mmodzi wa iwo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, tamupeza kuti ndi mmisiri wodziwa kuimika khoma ndi chingwe, amene walonjeza kumanga popanda kulandira kanthu. Akuluakulu sananame kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Chimene sitingaumbe ndi manja athu ndi malata, simenti, matabwa, misomali, mafelemu a mawindo ndi madesiki. Kunabwera anthu ena pa galimoto, anayeza chipindacho, anajambula zithunzi, anadya nkhuku yathu ndi kutilonjeza zonsezi m'masabata ochepa, koma mpaka lero njerwa zayamba kumera ndere tikuyang'anabe kumsewu.

Tilankhule pang'ono ngati makolo anu. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, boma lisanatsegule msasa wa Ukwimi ku Petauke mu 1987, anthu othawa ankafikira m'makonde a mudzi uno, ndipo mtendere utabwera mu 1992 si onse amene anabwerera. Ena a inu amene lero muli ndi maofesi ndi magalimoto munalowa m'mudzi muno muli kumbuyo kwa amayi anu, ndipo munaphunzirira a, e, i, o, u m'chipinda chomwe chagwachi. Sitikutchula maina, eni akudzidziwa. Timakuonani mu Ogasiti mukudutsa ndi fumbi kupita ku Kulamba ku Mkaika, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amagwada pamodzi pamaso pa Kalonga Gawa Undi, koma njira yokhotera kuno, ngakhale ili ndi maenje, sinatsekedwe. Zimatichititsa manyazi kuti pamene mlendo akutifunsa kuti ana a mudzi uno ali kuti, timayankha poyang'ana pansi.

Tikupempha kuti aliyense apereke monga wathera, kaya ndi lata limodzi, thumba la simenti, kapena galimoto yonyamula katundu kuchokera ku Chipata. Amene angatumize ndalama pa foni alankhule ndi achibale awo kuno, adzawalumikiza ndi amsungichuma athu, ndipo dzina la wopereka aliyense lidzawerengedwa pa bwalo la amfumu. Tikufunitsitsa kuti denga likhale litakhomedwa mvula ya mu Novembala isanagwe, chifukwa mauvuni aja sangapirire dzinja lina ali pamtetete.

Ife anu,
Komiti ya Makolo ndi Aphunzitsi, mogwirizana ndi Amfumu