Aphunzitsi a ana aulumali apatsidwe alawansi yawo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za zomwe zachitika pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Mulanje. Mphunzitsi yekhayo amene ankaphunzitsa ana osaona wasiya ntchito, walowa bungwe lina ku Blantyre komwe akumulipira bwino. Chipinda chake chili chokhoma chiyambireni teremu ino, makina olembera Braille, zilembo za madontho zimene osaona amawerenga ndi zala, angotsekeredwa m'kabati. Mdzukulu wanga wosaona wa Sitandade 6 amangokhala kumbuyo kwa kalasi kumvetsera choko chikulira pabolodi. Anzake akamakopa manotsi, iye manja ali pamiyendo. Akalemba ntchito palibe womuchongera, chifukwa aphunzitsi otsalawo sadziwa kuwerenga madontho aja.

Mayi wachokayo sindikumuda ayi. Ndinkamuona ndekha akupalasa njinga yake pakati pa minda ya tiyi, mvula ya kuno mukuidziwa, kupita kusukulu zina za m'zoni muno kukaona ana osamva ndi ena ovutika kuphunzira. Anzake akaweruka, iye ankatsalira kumasulira zimene ana alemba m'Braille kuti aphunzitsi ena athe kuchonga. Tayala likaphulika, ndalama yake. Ntchito ya anthu atatu, koma pakutha pa mwezi panalibe ngakhale tambala yoonjezera. Inu mukanakhala?

Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linanenanso zomwezo. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994. Kodi ulerewo ukumupindulira chiyani mwana amene wakhala m'kalasi teremu yonse osaphunzira kanthu? Aphunzitsi a ana aulumali timawasula ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndi ochepa kale, ndiye ochepawo tiziwataya chifukwa cha ndalama ya sopo?

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndalama za misonkhano sizisowa. Akuluakulu amakakambirana za maphunziro a ana aulumali m'mahotela a kunyanja, alawansi n'kulandira. Pa 3 Disembala, tsiku la anthu aulumali, timavala masikipa, magule, zolankhula zokoma, mawa lake zii. Ndipo si sukulu zokha, pitani kuzipatala mukaone ngati munthu wosamva angapeze womumasulira chinenero cha manja pofotokoza matenda ake.

Boma linavomera kale kuti ndalama imasunga mphunzitsi pamalo pamene linayambitsa alawansi ya aphunzitsi a kumidzi. Lichite chimodzimodzi kwa awa: alawansi yawoyawo mwezi ndi mwezi, njinga yamoto kwa oyendera sukulu zingapo, ndipo wolandirayo asayinire kuti akhala zaka zingapo pamalopo. A bungwe la aphunzitsi la TUM ndi a mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali wa FEDOMA, lankhulani. Aphungu athu a ku Mulanje, kaifunseni nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo bajeti isanadutse. Pakadali pano titumizireni mphunzitsi wina, ana awa mayeso a Sitandade 8 akuwadikira ngati anzawo onse.

Gogo wokhudzidwa,
Mulanje