Kwa inu a kampani yokiliya magalimoto: galimoto yanga ya magetsi ili kuti?

Ndalemba pano poti ku WhatsApp mumangowerenga osayankha, foni ya ku ofesi mukaona kuti ndi nambala yanga mumaisiya izingolira mpaka idule yokha. Ndiye tikambirane pagulu pompano, makasitomala anu amve nawo.

Ndinagula MG ZS EV ya 2020 ku UK, yoyendapo kale, ya magetsi okhaokha, ilibe thanki ya petulo olo pang'ono. Ndinatopa nazo zogona pa mzere wa mafuta ku filing'i, mayi wa ana kumabwerera kunyumba 2 koloko usiku ndi malita ochepa. Achimwene anga amene ali ku Leicester anakaiona okha, anaiyendetsa, anaikweza pa sitima ku Southampton kupita ku doko la Dar es Salaam. Ndinasankha dala ya ku UK chifukwa sitelingi ili kumanja ngati zathu zomwezi, komanso chaja yake ya kunyumba ili ndi pulagi ya mano atatu imene imalowa mu soketi ya m'nyumba mwathu popanda kusintha kanthu. Zonsezi ndinafufuza ndisanatulutse ndalama, ndipo mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza kuno.

Tsiku limene ndinabwera ku ofesi kwanu ku Lilongwe ndinanena momveka, ndinabwereza, ndinalembanso pa meseji kuti galimoto iyi siyoyendetsa pamsewu ngati ma IT enawa, magalimoto ooda kunja amene madalaivala amawayendetsa kuchokera ku doko. Batire yake ndi ya 44.5 kWh, ikakhala yatsopano mapepala amati imayenda makilomita 263, pomwe kuchoka pa Dar kufika pa boda ya Songwe ndi makilomita oposa 900, mapiri a Kitonga ali pompo, ndipo pa soketi wamba imafuna pafupifupi maola 20 kuti idzaze. Ndinati ikwere lole kuchokera pa doko mpaka pakhomo panga. Munati palibe vuto mayi, timapanga zimenezi daily. Kotesheni munandipatsa ya K4,380,000, mmenemo K2,950,000 ya lole, K1,430,000 ya zapadoko ndi ntchito yanu. Ndinalipira yonse pa banki tsiku lomwelo osapempha kuchotsera olo K1. Lisiti ndili nalo, pali chidindo chanu.

Chakumapeto kwa mwezi wathawu, mkati mwa sabata, munthu wanu anandiimbira kuti galimoto yafika pa boda, ndibwere ndi chiphaso ndidzasaine ndione ndekha isananyamuke. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ana ndinawasiya kwa anansi, ndinakwera basi ya usiku, Kasungu, Jenda, Mzuzu, kutsika Chiweta mtima uli m'mwamba, Karonga, kenako takisi mpaka pa Songwe. Amene munafikako mukudziwa kutentha kwake kwa kumeneko. Ndinazungulira malo onse oimikapo magalimoto, mzere ndi mzere, kusuzumira ma Vitz, ma Sienta, ma Mira, yanga osaoneka. Mnyamata wanu wa pa boda anangoyang'ana pepala langa n'kunena kuti iye za galimoto imeneyi sakudziwa kanthu, fayilo yake sinamufike.

Amene anandiuza chilungamo ndi madalaivala a ma IT amene ankadya chipisi pamthunzi, anthu oti sindinawalipire kalikonse. Mmodzi anati aunt, mukunena yabuluu ya mabatire ija? Tinaidutsa itaima pambali pa msewu mukapitirira Morogoro musanafike Mikumi. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi chimene anajambula poseka ndi anzake. Abale anga, galimoto yanga, mtundu wake womwewo, kasitika kamene achimwene anamata pa galasi la kumbuyo kakuoneka, aimanga chingwe cha buluu chija chomangira katundu, ikukokedwa ndi kapikapu, matayala onse anayi ali pansi, buti ili yotsekula. Miyendo inandizizira pomwepo.

Ndiye kuti lole imene ndinalipira K2,950,000 kunalibe. Munapatsa makiyi dalaivala, anaiyendetsa mpaka batire inatheratu pakati pa tchire, kenako n'kuyamba kuikoka. Aliyense amene anatsegulapo kabuku ka galimoto ya magetsi amadziwa kuti siikokedwa matayala akutsogolo akugunda pansi, chifukwa matayalawo ndi olumikizana ndi mota, akamazungulira motayo imazunguliranso n'kumapanga magetsi galimoto ili yozima, zinthu zimapsa mkatimo. Inakokedwa mtunda wautali bwanji? Mpaka lero palibe wandiyankha.

Ulendo umenewo unandidyera K213,700, basi, takisi, kogona ku Karonga ndi chakudya. Koma chimene chandipangitsa kulemba pano si ulendowo ayi, ndi zimene zinachitika nditabwerera ku ofesi kwanu.

Ndinalowa bwinobwino, ndinapereka moni. Mnyamata amene amakhala pa desiki ya pafupi ndi khomo, wa malaya a kampani, sanadzutse n'komwe mutu, maso ali pa foni akuonera mpira, mawu ali pamwamba. Ndinaima pamenepo ngati ndabwera kudzapempha mchere. Nditamuonetsa chithunzi chija anaseka, kuseka kwenikweni, n'kuitana mnzake kuti tabwera udzaone ya mabatire ija. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, mayi, inunso mumagula bwanji galimoto ya magetsi m'dziko loti magetsi amazimazima, mukanagula Vitz bwenzi pano mukuyenda. Ndinadzigwira, ndinati ndikufuna kuonana ndi a manija. Yankho lake linali lakuti, amuna anu ali kuti, abwere iwowo tizakambirane, zamagalimotozi inu simungazimve.

Anthuni, tamvani zimenezo. Tsiku lolandira K4,380,000 palibe anafunsa za amuna anga. Ndalama ija ndinatenga ngongole ku SACCO ya kuntchito ndi dzina langa, akundidula mwezi ndi mwezi pa malipiro anga, ndipo mwana woti ndikhoza kumubereka akundiuza pamaso pa makasitomala ena kuti ndikatenge mwamuna. Panali bambo ena achikulire pa benchi amene anangoti mwana iwe ulemu, iye n'kubwerera pa mpira wake. Ndinatuluka misozi ili m'maso, osati ya chisoni, ya mkwiyo. Ndi mmene mumawaphunzitsira kulandira anthu kumeneko? Za magetsi a kunyumba kwanga zikumukhudza chani iyeyo? Ndili ndi ma sola padenga, ndipo olo ndikanakhala ndilibe, ntchito yanu inali yonyamula galimoto, osati kundisankhira.

Ndiye pamwamba pa zonsezo mwanditumizira invoisi ina ya K685,000, akuti ya kukoka ndi kusunga galimoto. Ndilipire ine chingwe chimene mwaonongera galimoto yanga? Mwalembanso kuti dalaivala analephera kutchaja chifukwa m'galimoto munalibe chaja. Bodza limenelo. Zithunzi za tsiku lokweza ku Southampton ndili nazo, mu buti muli zingwe ziwiri, cha Type 2 chotchajira pa malo otchajira magalimoto ndi cha pa soketi ya kunyumba, chilichonse m'chikwama chake. Ngati pano mulibe ndiye kuti zasowa m'manja mwanu, ndipo kugula zina ndi £215 osawerengera kutumiza.

Pano wina akuti galimoto ili pa galaja ku Iringa, wina akuti ili pa yadi ku Mbeya, a manija akuti ali mu miting'i nthawi zonse. Tsiku lililonse limene ikukhala batire ili pa ziro ndiye kuti ikuonongekerabe, batire yaikuluyo siifuna kukhala yopanda moto nthawi yaitali, ndipo ndi imene ili mtengo wa galimoto yonse. Kabatire kakang'ono ka 12V nako kakafa galimoto siyaka n'komwe, ndiye ndikuopa kuti amakaniko a pa galaja ayamba kugwiragwira mawaya a olenji aja osadziwa kuti muli moto woti ukhoza kupha munthu. Muwauze asakhudze chilichonse, chonde.

Zimene ndikufuna ndi izi. Galimoto ikwere lole, lole yeniyeni, munditumizire chithunzi itamangidwa pamwamba ndi nambala ya loleyo. Ikafika iyezedwe ndi munthu wodziwa magalimoto a magetsi amene ndisankhe ine, bilu yake ndi yanu, ndipo chilichonse chimene chapsa mukonza inu. K213,700 ya ulendo wa ku Songwe mundibwezere. Zingwe zanga zibwere kapena £215. Invoisi ya K685,000 ija muing'ambe. Ndipo mnyamata uja apepese pamaso panga mu ofesi momwemo mmene anandinyozera, osati kameseji ka pa foni.

Dzina la kampani sindinalitchule pano chifukwa ndikukupatsani mpata womaliza, koma mukudzidziwa, ndipo postiyi ndakutumizirani. Likafika Lachisanu 12 koloko masana opanda yankho lolembedwa, ndikukasiya dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission ndi ku CAMA, bungwe loteteza ogula, ndikulembera a MRA amene amapereka ziphaso kwa ma ejenti okiliya katundu kuti adziwe mmene mukugwirira ntchito, kenako ku polisi, chifukwa kulandira ndalama ya lole n'kusabweretsa lole kuli ndi dzina lake m'malamulo. Loya ndayankhula naye kale. Ma voisi onse a munthu wanu akunena kuti galimoto yakwera lole ndipo yafika pa boda ndinasunga, ma sikirinishoti alipo, ndidzaika zonse pano pamodzi ndi dzina lanu ndi chithunzi cha chikwangwani cha pa ofesi, ndidzatumizanso m'magulu onse a anthu ooda magalimoto amene ndilimo.

Inu amene munakumanapo ndi zoterezi pa njira ya Dar, makamaka amene munabweretsa ya magetsi, ndipezeni ku inbox, ndikufuna nambala ya munthu wa lole wodalirika amene ali ku Mbeya kapena Iringa sabata ino. Ndipo dalaivala amene munandionetsa chithunzi pa Songwe, ngati mukuwerenga, chonde musachifufute, chidzafunika.