Tilembe Mbiri ya Oulutsa Mawu Athu Akadali Moyo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kwa zaka zingapo, yokhudza anthu amene timawamva tsiku ndi tsiku pa wailesi koma osadziwa kumene anachokera ngakhale njira imene anadzera kuti afike pa chimkuzamawu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo wailesi ndakhala ndikuimvera kuyambira ndili mwana kumudzi kwathu ku Ntcheu. Pempho langa kwa inu ndi kwa eni nyumba zoulutsira mawu ndi lakuti mbiri ya oulutsa mawu a dziko lino ilembedwe eni akewo akadali moyo, chifukwa mmene zinthu zikuyendera pano, mbiriyo tikuimvera kumanda, ndipo achinyamata amene akufuna ntchitoyi akusowa mapazi oti apondemo.

M'mudzi mwathu munali wailesi imodzi yokha, ya malemu bambo anga. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe kuti madzulo atithandizeko pang'ono, ndipo ikakwana nthawi ya mauthenga achisoni, aliyense pabwalopo ankakhala chete, ngakhale mwana wakhanda akalira mayi ake ankapita naye kuseri kwa nyumba. Anthu ambiri a m'mudzimo anali ndi abale ku Blantyre, ku minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena ku migodi ya ku Joni, kotero liwu la munthu wowerenga mauthengawo ndilo linkatiuza ngati mawa tidzuke ndi khasu kapena tidzuke ndi ulendo wa kumaliro. Munthu ameneyo ankatchula dzina la malemu, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma mosathamanga ndiponso mosaphonya, podziwa kuti kuphonya dzina limodzi kukanaliza banja losafedwa. Ankalowa m'nyumba mwathu tsiku lililonse ngati wachibale, komabe palibe ndi mmodzi yemwe pabwalo paja amene akanatha kunena kwawo kwa munthuyo, sukulu imene anaphunzira, kapena amene anamuphunzitsa kuwerenga mwaulemu chotero.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi imfa ya mayi Maria Chidzanja Nkhoma mu Januwale 2021. Ambiri mwa achinyamata ankawadziwa ngati liwu la pa Zodiak basi, ndipo anadabwa kumva m'mauthenga a chipepeso kuti mayiwa anali woimba wodziwika, kuti anagwira ntchito ku MBC, komanso kuti anakaulutsako mawu pa wailesi ya Channel Africa ku Johannesburg. Moyo wotere, wa mayi amene anayamba ndi nyimbo n'kudzakhala mmodzi mwa aulutsi olemekezeka pa nthawi imene amayi pa ntchitoyi anali owerengeka, unayenera kufotokozedwa ndi mwini wake mwatsatanetsatane, osati kuunjikidwa m'ndime ziwiri zowerengedwa bokosi lili pafupi kutsitsidwa. Mwambo wathu wowerenga mbiri ya malemu pamanda ndi wabwino, koma wowerengayo amangotchula zaka ndi malo. Sangatiuze mantha amene munthu anali nawo tsiku loyamba m'situdiyo, kapena mawu amene mkulu wake anamuuza atalakwitsa.

Anzathu a ku Zambia anachita bwino pa nkhani ya Alick Nkhata. Dziko lino lisanalandire ufulu, anthu a ku Nyasaland ankamvera mapulogalamu a Chinyanja kuchokera ku Lusaka, pa wailesi ya Central African Broadcasting Station, ndipo kuyambira mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya kamene kanafikitsa mawu m'midzi. Nkhata, amene anabadwira ku Kasama mu 1922 ndipo bambo ake anali Mtonga wochokera kuno kwathu, anali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atabwerako anagwira ntchito yojambula nyimbo za makolo ndi katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, Hugh Tracey, kenako analowa ntchito youlutsa mawu n'kukwera mpaka kukhala mmodzi mwa akuluakulu a wailesi ya dzikolo. Anaphedwa mu 1978 kufupi ndi Mkushi pamene asilikali a Rhodesia anaukira derali. Lero msewu umene pali likulu la wailesi ya boma ya ZNBC ku Lusaka umatchedwa dzina lake, ndipo mwana wa sukulu amene angafune kudziwa za iye amapeza powerenga. Zimenezi zinatheka chifukwa chakuti panali anthu amene anaona kuti moyo wa muulutsi ndi gawo la mbiri ya dziko, ndipo anakhala pansi n'kulemba.

Kuno kwathu chifukwa cholembera n'chachikulu koposa. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu inali wailesi yokhayo ya Amalawi, pamene wailesi yakanema inadzabwera mu 1999. Aulutsi a nthawi imeneyo anali aphunzitsi a chiyankhulo a dziko lonse. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972, mawu amene muulutsi wagwiritsa ntchito m'nkhani za madzulo ndiwo ankamveka m'kalasi m'mawa mwake, ndipo ife aphunzitsi tinkamvera pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa ndi kope m'manja. Chaka chomwecho cha 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndipo chinadzabwerera mu 1994, kenako Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zinapatsidwanso malo. Alipo anthu amene anali m'situdiyo pamene zonsezi zinkachitika, amene anagwira ntchito pa nthawi imene kulakwitsa kutchula maudindo a mtsogoleri kukanamuika munthu m'mavuto aakulu, ndiponso amene anali pantchito pamene dziko linkadikira zotsatira za riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi zisankho za mu Meyi 1994. Amene atsala mwa iwowa ndi okalamba tsopano, ndipo zimene anaona zili m'mitu mwawo mokha.

Mbiri zoterezi zikanationetsanso kuti khomo lolowera pa ntchitoyi silinali limodzi. Ena analowera ku zisudzo, ndipo amene tinakula tikumvera sewero la Kapalepale timakumbukira dzina la Smart Likhaya Mbewe. Ena analowera ku nyimbo kudzera ku MBC Band, ena ku mpira monga Steve Liwewe Banda amene anachititsa kuti munthu wa kumudzi aone masewera a pa Kamuzu Stadium ndi makutu, ndipo ena anachoka m'kalasi atagwira choko zaka zingapo. Aliyense anabwera ndi luso limene analisula kwina asanaone chimkuzamawu, ndipo nchifukwa chake mawu awo anali ndi thupi. Wa zisudzo ankadziwa popumira, woimba ankadziwa kukweza ndi kutsitsa liwu, mphunzitsi ankadziwa kuti chinthu chovuta umachinena kawiri m'njira ziwiri.

Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira mawailesi la MACRA, linatsegula njira zina. Kunabwera Power 101, Capital FM imene mtolankhani wakale Alaudin Osman anaiyambitsa mu 1999, Radio Maria ku Mangochi, mawailesi a m'madera monga Dzimwe ndi Nkhotakota, ndiponso Zodiak imene Gospel Kazako, mlakatuli amene anayambira ku MBC, anaitsegula mu 2005. Apa ndi pamene tinayamba kuona muulutsi akusanduka mwini wailesi, komanso muulutsi akuitanidwa ku boma: a Kazako anakhala nduna yofalitsa nkhani mu 2020, ndipo chaka chomwecho Brian Banda, amene anatchuka ndi mafunso ake pa Capital FM ndi pa Times, anakakhala mneneri wa mtsogoleri wa dziko, kenako anabwereranso ku ntchito yake yakale. Sindikuweruza aliyense pa zisankho zimenezi. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti wachinyamata wa lero amangoona mapeto a ulendo, ndiye amaganiza kuti wailesi ndi makwerero opitira ku maudindo ena, chifukwa palibe amene anamufotokozera zaka zimene anthu amenewa anakhala akunyamula zojambulira mawu m'midzi ndi kukonza mapulogalamu usiku.

Ndili ndi mdzukulu amene wakhala akuulutsa mawu mongodzipereka pa wailesi ina ya m'dera kwa zaka ziwiri tsopano. Amadzuka tambala woyamba, kupalasa njinga mumdima kuti akatsegule pulogalamu ya m'mawa, ndipo mayunitsi oimbira anthu amene akufuna kucheza nawo amagula yekha. Malipiro palibe, kupatula kangachepe ka sopo pamene kapezeka. Tsiku loyamba anamuonetsa mabatani atatu, kumuuza kuti nyali yofiira ikayaka ayambe kuyankhula, basi. Patapita sabata zingapo anapatsidwa uthenga wa maliro wolembedwa pamanja, ndipo powerenga anasokoneza dzina la mudzi ndi la mudzi wina woyandikana nawo. Masana ake kunafika bambo wachikulire pa njinga, thukuta lili kamukamu, kudzafunsa ngati amene wamwalirayo anali mlongo wake. Mwanayo anabwera kunyumba maso ali ofiira, ndipo funso limene anandifunsa linali lakuti, kodi akuluakulu aja amene inu mumawatama sankalakwitsa? Ndinamuyankha kuti ankalakwitsa ndithu, koma panali wina pambali pawo wowakonza asanalowe m'situdiyo. Ndinafunitsitsa kumupatsa buku kapena nyuzipepala yoti awerengemo mmene mmodzi wa akuluakuluwo anaphunzirira ntchito, koma ndinalibe choti ndimupatse.

Zimene mwanayo akusowa si zachilendo. Chichewa chili ndi mawu olembedwa mofanana koma osiyana kamvekedwe, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la pathupi ndi khungu la maso, ndipo wowerenga amene sanayambe wadutsamo m'nkhani yake asanaiulutse amapunthwa pamenepo. Pali katchulidwe ka maina a mafumu ndi midzi ya Chitumbuka, Chiyao, Chisena ndi Chingoni, kamene munthu amaphunzira pofunsa eni ake. Pali luso lomasulira nkhani yochokera m'Chingerezi kuti imveke ngati yaganizidwa m'Chichewa, m'malo momangosanja mawu a Chichewa pa mafupa a Chingerezi monga timamvera kawirikawiri masiku ano. Pali ulemu wofunsira mafunso munthu wofedwa, mfumu, kapena mayi wa kumudzi amene sanayankhulepo pa wailesi. Sukulu za utolankhani monga Malawi Institute of Journalism ndi MUBAS, imene kale inali Polytechnic, zikugwira ntchito yotamandika, ndipo aulutsi ambiri a lero ndi ophunzira kuposa akale. Koma zinthu ndatchulazi zimapatsiranidwa pakamwa, kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, ndipo unyolo umenewu umaduka pamene aulutsi aluso akuchoka msanga kupita ku mabungwe ndi ku makampani chifukwa cha kuchepa kwa malipiro, n'kusiya situdiyo m'manja mwa ana okhaokha.

Choncho, Akonzi, ndikupempha kuti nyuzipepala yanu ipatule tsamba, ngakhale kamodzi pamwezi, loti muzichezapo ndi muulutsi mmodzi m'Chichewa. Musamangofunsa chakudya chimene amakonda kapena timu imene amachemerera, monga zimakhalira m'macheza ambiri a anthu otchuka. Afunseni kumene anabadwira ndi ntchito imene makolo awo ankagwira, chiyankhulo chimene ankayankhula pakhomo, mmene anamvera kuti kuli mwayi wa ntchito ndi mmene anayesedwera mawu, amene anawagwira dzanja m'chaka choyamba, cholakwa chimene sadzachiiwala, ndi chimene chinawachititsa kukhalabe kapena kuchoka. Muyambe ndi opuma pantchito amene ali m'midzi ndi m'matauni mwathu, ndipo musaiwale amayi, aulutsi a ziyankhulo zina, ndi aja amene sankamveka mawu koma ndiwo ankakonza mapulogalamu ndi kuyendetsa makina. Mukatero mufike kwa achinyamata a mawailesi a m'madera, chifukwa nawonso ali ndi ulendo wofunika kuumva, ndipo mwina eni mawailesi akawerenga za njinga ya mumdima ija adzaganizanso za malipiro ndi maphunziro a antchito awo.

Ndikupemphanso a MBC kuti matepi akale amene ali ndi mawu a aulutsi oyamba asamutsidwire pa kompyuta asanaonongeke, ndipo makope ake akasungidwe ku National Archives ku Zomba kumene wophunzira aliyense angakawamvere. Bungwe la MISA Malawi, limene limapereka mphoto kwa atolankhani chaka ndi chaka, lingathandize posonkhanitsa maina a aulutsi opuma ndi kumene akukhala, ndipo tsiku lokumbukira wailesi pa dziko lonse, la pa 13 Febuluwale, lingakhale nthawi yabwino yoti wailesi iliyonse iitane mmodzi wa akuluakuluwa kudzakhala m'situdiyo tsiku lonse pamodzi ndi achinyamata. Ine kumbali yanga ndagula kope lalikulu, ndipo ine ndi mdzukulu wanga tapangana kuti mwezi wamawa tikayendere bambo wina wa m'boma lathu lino amene anaulutsapo mawu zaka zambiri zapitazo. Zimene akatiuze ndidzakutumizirani ngati mungazipatse malo.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Ntcheu