Nkhondo ya ku Ukraine yafika m'mbale mwathu

Akonzi,

Ambiri tinkati nkhondo ya Russia ndi Ukraine ndi ya eni ake. Koma itayamba mu Febuluwale 2022, madoko a Ukraine pa Black Sea anatsekeka, tirigu ndi mafuta a mpendadzuwa n'kukwera mtengo paliponse. Pofika Meyi, India inaletsa kugulitsa tirigu kunja, aliyense akukokera kwake. Ife tinaonera pa buledi wopyapyala ndi mafuta ophikira ogula a m'kapepala.

Chondiwawa kwambiri ndi feteleza, poti Russia ndiyo imagulitsa wochuluka kunja. Mayi anga anathira thumba limodzi m'munda wofuna matumba anayi, chimanga n'kuchita chikasu chisanamasule. Matani 20,000 a feteleza wothandizira alimi wochokera ku Russia anaperekedwa kuno ku Malawi mu Malichi 2023, nthawi yothira itadutsa.

Tifunsireni aboma: m'nkhokwe za ku Kanengo muli chimanga chochuluka bwanji?

Wowerenga wanu,
Mchinji