Kachida kam'thumba kotchipa kanandichititsa manyazi

Akonzi,

Ndimakonza makompyuta kuno ku Mzuzu. Ndikufuna ndichenjeze anzanga za kachida kam'thumba kaja kokhala ndi mpeni, pulaya, sizasi ndi sikuludiraiva pamodzi.

Chaka chatha ndinagula kotchipa kwa wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Kankanyezimira ndithu. Nditangoyamba kumasula laputopu ya mwana wasukulu wa ku Luwinga, nsonga ya sikuludiraiva inapindika n'kudya mutu wa sikuluwu. Ndinatha masana onse ndikulimbana ndi kasikuluwu kamodziko, mwiniwake ali chiimire pambali, mayeso ali mawa lake. Mtima unandiwawa kwambiri. Chinyontho cha kunonso sichinachedwe, dzimbiri linagwira mopindira monse.

Musakopeke ndi kuchuluka kwa zida. Tsekani pulayayo muyang'ane padzuwa: mano ake akumane osasiya mpata. Mpeni ukhale ndi loko, usakutsekereni pachala mukudula chingwe kapena nzimbe. Masikuluwu a laputopu ndi aang'ono zedi, ambiri ndi a mutu wa mtanda wotchedwa Phillips, nambala 0 kapena 00, ena a mutu wa nyenyezi wotchedwa Torx T5, choncho funani kachida kolola kusintha timitu ta sikuludiraiva. Leatherman ya ku America ndi Victorinox ya ku Switzerland n'zolimba koma zodula, ndipo zachinyengo zolembedwa mayina omwewa ziliponso.

Ine pano ndili ndi kakale kogula kwa mnzanga, kokalikakalika koma kolimba. Timasikuludiraiva ta laputopu ndimasungabe patokha m'kabokosi.

Wokonza makompyuta,
Chibavi, Mzuzu