Mvula sikulipirirani galimoto, inu a ma Mark X ndi ma Subaru

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzipepala yanuyi ndilankhule ndi achinyamata amene agula timagalimoto tothamanga tija, tokhala pansi ngati tikununkhiza tala, komanso ndi makolo awo poti nthawi zambiri amene amadzagulitsa ng'ombe kapena puloti zinthu zikavuta ndi iwowo. Ine ntchito yanga ndi yowongola magalimoto ochita ngozi, ndili ndi kagalaja kuno ku Luchenza, ndiye mvula ikangoyamba mu Novembala mpaka Epulo, kenaka chiperoni cha mu Juni ndi Julaye, pabwalo panga pamadzadza. Wina anganene kuti ndizingokhala chete poti ndi momwe ndimadyera, koma ayi, galimoto yoti mwini wake alibe ndalama yokonzetsera imangondidyera malo mpaka udzu kumera mmatayala.

Aliyense akabwera ndi breakdown mawu ake ndi amodzimodzi, akuti bwana sindinalakwe ine, inali mvula. Eya mvula inalipo, tonse tinayiona, koma palibe wapolisi amene analembapo mvula mlandu ndipo palibe kampani ya inshuwalansi imene inatumizapo kalata kumitambo kuti ibweze ndalama. Lamulo la pamsewu limayembekezera kuti woyendetsa aziyendetsa molingana ndi mmene msewu ulili nthawi imeneyo, ndiye ngati mwatsetsereka nokha pa kona mpaka kukagunda wina kumbali yake, ngakhale munali musanapyole liwiro lolembedwa pachikwangwani, amene amufunse mafunso ndi inuyo basi.

Msewu wathu wa M2 uwu, kuchoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo, kutsetsereka kubwera kuno ku Luchenza mpaka Chitakale ndi Muloza, ndi wokoma kuuona koma ndi wachinyengo. Makona ali mbwee mkati mwa minda ya tiyi, nkhungu imatha kutsika masana dzuwa likuswa mtengo ku Blantyre, mathirakitala akamatuluka mminda ndi masamba amasiya dothi lofiira lija pa tala, likanyowa limaterera kuposa therere. Mvula yoyamba ndiye yoopsa kwambiri chifukwa mafuta ndi fumbi zimene zakhala zikuunjikana chilimwe chonse zimayandama pamwamba. Wa ku Midima wodzera pa Nkando uja vuto lake ndi lina, ndi woongoka ndiye phazi limalemera lokha, kenaka mwapeza madzi adekha pa tala.

Tsono magalimoto amenewa, Mark X, ma BMW, Toyota 86 ndi anzawo, ambiri amakankha ndi matayala a kumbuyo. Mukaponda moto pakati pa kona ponyowa, kumbuyo kumafuna kupitirira kutsogolo, galimoto nkutembenuka kuyang'ana komwe yachokera. A Subaru amadzitama kuti yawo imakoka ndi matayala onse anayi, zoona ponyamuka imagwira, koma poima mabuleki ndi omwewo ngati a wina aliyense. Matayala otambalala aja amene mumawakonda ndi amene amayamba msanga kuyandama pa madzi, chiwongolero chimangopepuka mmanja, mukhote musakhote galimoto ikupita komwe yafuna. Ndipo ambiri mukuyendera matayala omwe galimoto inabwera nawo kuchokera ku Japan, ena mwa iwo ndi a nyengo ya chisanu cha kumeneko, sanapangidwire tala wotentha wa kuno. Pambali pa tayala pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa, 2316 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2016. Mkati mwa mizere muli timizere todutsa tosonyeza kuti tayala latsala ndi 1.6 mm, tikafanana ndi pamwamba tayalalo latha. Izi ndikuzinena chifukwa munthu wa inshuwalansi wodzaona galimoto, assessor uja, akafika pa galaja chinthu choyamba amagwada nkuyang'ana matayala, asanaone nkomwe pophwanyika.

Koma chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mapepala. Galimoto ine ndimaiwongola, koma pepala lolembedwa molakwika tsiku la ngozi palibe nyundo yoliwongola.

Kunabwera mnyamata wina mvula yapitayi, wa ku Blantyre, amapita ndi anzake kukakwera phiri ku Likhubula. Anatsetsereka pa kona nkukhulana ndi pikapu ya nthochi, mwamwayi palibe anavulala kwambiri. Iyeyo akuti pikapuyo inali itadya mzere, inali pakati pa msewu, mwina nzoona mwina ayi ine kunalibe. Koma chifukwa chonyowa, manyazi ndi anthu amene anaunjikana kumujambula, komanso kufuna kuti zithe msanga bambo ake asanamve, anavomera mlandu woyendetsa mosasamala nkulipira chindapusa tsiku lomwelo, lisiti mthumba, mtima nkukhala pansi kuti zatha. Patapita masabata akupita kukatenga lipoti la polisi, lalembedwa kuti wolakwa ndi iyeyo ndipo analipira. Apo ndiye nkhani ya pikapu kudya mzere inafera pomwepo, kampani ya inshuwalansi ya pikapuyo singamupatse olo wani tambala poti mnyamatayo anavomera yekha. Ndiye inshuwalansi yake inali third party, yongolipira anthu ena osati galimoto yake. Galimoto ija ilipobe, nkhuku zanga zikuikiramo.

Anthu ambiri sadziwa kuti kulipira chindapusa ndi kuvomera kulakwa. Ngati mwalakwadi lipirani, tengani lisiti la boma lija la GR, lisungeni bwino, palibe chifukwa chotayira nthawi ya khoti. Koma ngati mukuona kuti mnzanuyo naye ali ndi mbali yake, muli ndi ufulu wokana mlandu nkhani ipite kwa majisitireti. Inde ndi zotopetsa, mubwera kangapo ku Thyolo kapena ku Mulanje kuchoka ku tauni, koma yerekezani ndi mtengo wa galimoto ziwiri. Za ya fanta ija yoti nkhani ithere pamsewu ndiye musayerekeze dala, kupatula kuti ndi mlandu pawokha, mukatero mulibe lipoti, ndipo popanda lipoti la polisi a inshuwalansi sakumverani. Enanso amagwirizana okhaokha pamsewu, achimwene tisavutane ndikukonzerani, kupatsana manambala, mawa foni yazima.

Apa pali chinthu china chimene anthu amasokoneza. Ena amaganiza kuti ukalipira chindapusa ndiye kuti comprehensive yako yafa. Ayi. Comprehensive inapangidwira zomwezo, kuti ngakhale walakwitsa ndiwe, wagwera mu ngalande wekha, akukonzere. Zimene zimaipha ndi zina: kupezeka utamwa, kuyendetsa opanda laisensi kapena kupatsa kiyi mnzako amene alibe, galimoto yosayenera kuyenda pamsewu monga COF yotha ndi matayala osalala, kupikisana liwiro, kunyamula anthu olipira pomwe unalembetsa kuti ndi yoyendera wekha, kusamaliza kulipira premium, ndalama yogulira inshuwalansi ija, ndi kuchedwa kuwauza. Ija yopikisana ija achinyamata samalani nayo, mumajambulana mavidiyo singano ili uko nkuponya pa Facebook ndi pa WhatsApp status, mukuganiza kuti a inshuwalansi alibe mafoni eti? Komanso ngati munasintha injini, kutsitsa galimoto, kuika zina ndi zina osawauza, apeza pothawira.

Third party ndi imene lamulo limakakamiza, ndipo ambiri amagula imeneyo kuti angokhala ndi kadisiki pagalasi apolisi asawavute pa rodibuloko. Imeneyo ndi ya anthu ena, amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, yanu galimoto mulibemo olo galasi limodzi. Ndipo ili ndi malire ake olembedwa mu pangano, zikapyola pamenepo zotsalazo ndi za mthumba mwanu. Msewu uno ndi wa anthu oyenda pansi, amayi opita kothyola tiyi mmamawa kuli nkhungu, ana asukulu, akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto atasenza nanazi, mukagunda mmodzi mwa amenewa nkhani yake si ya bampala ayi, maloya amabwera ndipo mlandu umatha zaka. Munthu wogula galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri nkumaumira pa inshuwalansi ine sindimamumvetsa, walira mvula walira matope, mwafuna liwiro landiraninso mtengo wake.

Nawonso a comprehensive asamagone tulo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 mmabanki, koma anthu ambiri chaka ndi chaka akungolembetsa mtengo womwe anagulira galimoto kalekale kuti premium ikhale yochepa. Tiyerekeze munalembetsa K10 miliyoni pomwe galimotoyo lero ndi ya K20 miliyoni. Ikaphwanyikiratu sangakupatseni zoposa K10 miliyoni yomwe munalembetsayo, achotsenso excess, gawo lolipira inu nokha, ndiye mukagula chani? Ndipo makampani ena amati poti munalembetsa theka la mtengo nafenso tikonza theka, zoonongeka za K6 miliyoni akupatsani K3 miliyoni. Zipangizo za magalimoto amenewa sizili ngati za Probox kapena Sienta zoti mukazipeza pa msika wa Limbe, nyali imodzi yokha kuitanitsa ku Dubai, ku Japan kapena ku Johannesburg, ndi vuto la forex lilipoli, mudikira mpaka mvula ina. Nchifukwa chake assessor sachedwa kunena kuti iyi ndi write-off, yosayeneranso kukonzedwa, ngakhale inu mukuona ngati yangophwanyika kutsogolo kokha, ma airbag akangotuluka basi masamu ake asintha.

Excess nayo anthu amadzaidziwira pa galaja panga, kuyamba kukangana ndi ine ngati ndaba. Ndi gawo limene mumalipira nokha pa claim iliyonse, ndipo ngati woyendetsa ndi wachichepere kapena laisensi yake ndi yatsopano nthawi zambiri pamakhala ina yoonjezera. Zonsezi zinalembedwa mu pangano lija munangolipinda nkuponya mu dashibodi.

Tsiku la ngozi mutu sugwira, ndikudziwa, koma ngati muli bwino yambani mwaona ovulala apite kuchipatala, ikani ma triangle patali ndithu chifukwa mu nkhungu wina akubwera adzakuomberani pomwepo, nthambi za mitengo zokha sizikwanira. Kenaka jambulani zonse galimoto zisanasunthidwe, pomwe zaima, mzere wapakati, madzi kapena matope pa tala, disiki ya inshuwalansi ya mnzanuyo ndi laisensi yake, chifukwa mvula yomweyo imafufuta zizindikiro za matayala mu mphindi zochepa, apolisi akamafika palibe choyeza. Tengani manambala a anthu awiri atatu amene aona, ogulitsa nthochi pamsewu aja amaona zonse kuposa kamera. Dziwitsani apolisi tsiku lomwelo, imbirani kampani kapena broker wanu tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo musalonjeze munthu kuti ndilipira ndine musanalankhule ndi a inshuwalansi, pangano lanu limaletsa zimenezo. Galimoto isakhudzidwe ndi sipanala assessor asanaione, ndanena ine mwini galaja. Ndipo musaisiye pamsewu usiku, mmawa mupeza batire, magalasi ndi wailesi zapita.

Sindikuti a inshuwalansi ndi angelo ayi. Ndaonapo claim yoti mapepala onse ali bwinobwino koma miyezi ikungodutsa, lero akuti bwana wosaina kulibe, mawa akuti bweretsaninso kotesheni ina, mitengo ya zipangizo ikukwera, pomadzavomera ndalama ija siikwananso. Zikatero musamangotukwana pa Facebook, lembani kalata yodandaula ku kampaniko, sungani kope, akapanda kukuthandizani pitani nayo ku Reserve Bank, ndi kumene kuli Registrar of Financial Institutions amene amayang'anira makampani onsewa, ndipo amalandira madandaulo a anthu wamba.

Pempho langa kwa inu akonzi, tumizani mtolankhani akafunse a Insurance Association of Malawi chifukwa chani mapangano amenewa sangakhale ndi tsamba limodzi lokha la Chichewa, lonena zimene akulipira, zimene salipira, excess ndi zingati, ndi masiku angati oti munthu awauze za ngozi. Akafunsenso akuluakulu apolisi apamsewu ngati nkotheka kuti munthu asanalipire chindapusa pa ngozi aziuzidwa momveka kuti akuvomera mlandu ndipo ali ndi ufulu wopita kukhoti, poti ambiri amasaina ali njenjenje ndi kuzizira ndi mantha. Eni minda ya tiyi nawonso atithandize, pomwe mathirakitala amalowera mu tala paziikidwa zikwangwani ndipo matope aja azipalidwa, anthu olemba ntchito mazanamazana sangalephere anyamata awiri a mafosholo.

Wowongola magalimoto,
Luchenza, Thyolo